TIYENI TIKAMBIRANE: M'mdima wa Kanema, Mnzathu Tisamuiwale

Nkhani ya mwezi uno yayambira m'holo ya parishi ina muno mu Livingstone. M'nyengo ya Lenti yapitayi, acinyamata a pa parishiyo anakonza zoonetsa filimu ya masautso a Ambuye madzulo a tsiku Loweruka. Anapacika nsalu yoyera kukhoma, anabwereka makina oonetsera, ndipo anthu anadzaza mabenci onse mpaka ana ena kukhala pa mawindo. Ife tinakhala cakumbuyo, pafupi ndi agogo ena aakazi amene anayenda pansi kucokera ku Libuyu atagwira mdzukulu wao pa dzanja. Patsogolo pathu panakhala mlendo, mtsikana wa ku Japan wogwira nchito yodzipereka pa sukulu ina, amene anabwera ndi mnzake wa m'kwaya.

Yudasi atangoonekera pa nsalu, holo yonse inamkuwiza. "Wakuba iwe! Taonani maso ake!" Petro atakana Mbuye wake, amai ena anafuula kuti, "Bodza, tinakuona tonse!" Pa izi sitidandaula, pakuti ndi mau a anthu amene nkhani yawalowa mumtima. Koma pamene Ambuye anali pa mtanda, foni ya abambo ena inalira, ndipo eni ake anaiyankha pomwepo nayamba kukangana za matumba a simenti. Anyamata awiri anali kugendana ndi makoko a nshawa. Mnyamata wina amene anaiona kale filimuyo anali kuuza mzere wonse zimene zicitike zisanacitike. Agogo aja anawerama nafunsa mdzukulu wao kuti, "Mwanawe, anena ciani Ambuye?" Mwana anayankha kuti, "Sindinamve, agogo." Ulendo wonse wa ku Libuyu uja, mau amene anadzera sanawamve.

Maina a opanga filimu atayamba kukwera pa nsalu, anthu anathamangira ku khomo, mabenci ena n'kugwa. Mlendo uja yekha anakhalabe phee mpaka dzina lomaliza litadutsa. Kenaka anatulutsa kathumba ka pulasitiki nayamba kutola makoko amene iye sanadye. Agogo anatifunsa monong'ona kuti, "Kodi mwana uja anali kupemphera?" Titamfunsa kupyolera mwa mnzake, anayankha mwamanyazi kuti kwao ndi mmene amacitira, cifukwa maina aja ndi a anthu amene anagwira nchito. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mau ake ocepawo atipangitsa kufunsa: kodi anthu a maiko ena amakhala bwanji m'nyumba ya kanema, ndipo ife tingatolepo ciani?

Bayisikopo si mlendo pakati pathu

Tisanapite kutali, tikumbukire kuti mzinda wathu unadziwa kanema kalekale. Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo m'caka ca 1931 banja la Ciyuda la a Grill linamanga nyumba ya Capitol Theatre pa mseu umene lero timaucha Mosi-oa-Tunya Road. M'caka comweco ansembe a Cikapucini a ku Ireland anafika kudzayamba nchito yao m'dera lino. Koma m'masiku a atsamunda nyumba zotere zinali za azungu. Makolo athu anali kuonera bayisikopo m'makomboni, kawirikawiri pabwalo, ndipo mafilimu ao anali kudulidwa ndi a boma asanawaonetse. Mpaka m'caka ca 1960 ndi pamene lamulo linatsegula nyumba za kanema, mahotela ndi malo odyera kwa anthu a mitundu yonse.

Mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake la Copper Town la mu 1962 anafotokoza mmene anthu a ku migodi anali kuonera mafilimu a makaubhoi. Ngwazi iliyonse ya pa kavalo anali kuicha Jack. Nkhonya zikayamba pa nsalu, anthu anali kuimirira, kufuula ndi kuponya nkhonya m'malere pothandiza Jack wao. Cingerezi ca ku America ambiri sanali kucimva, ndipo nkhani inali yoduladula, motero anali kuilumikiza okha ndi pakamwa pao. Pambuyo pake kunabwera timanyumba ta mavidiyo m'misika ya ku Maramba ndi ku Dambwa, ndipo lero filimu ili m'foni ya mwana aliyense. Makina asintha, koma cizolowezi coyankha filimu tili naco mpaka pano.

Ku Japan: kukhala cete mpaka nyali ziyake

Munthu wolowa m'nyumba ya kanema ku Tokyo kapena ku Osaka amadabwa poyamba ndi bata. Anthu mazana amakhala pamodzi maola awiri osalankhulana. Pa malo oseketsa amaseka motsitsa mau, ndipo pa malo a cisoni amapukuta misozi mwakacetecete. Filimu isanayambe amaonetsa zithunzi zokumbutsa anthu kuti asalankhule, asaponde mpando wa kutsogolo ndiponso asayatse foni. Kuyambira mu 2007 akhala akuonetsanso munthu wa mutu wa kamera akuthamangitsidwa, pocenjeza amene amajambula filimu mwakuba. Filimu ikatha nyali siziyaka mpaka maina onse atadutsa, ndipo anthu ambiri amadikira ali pansi. Potuluka aliyense amanyamula kapu yake ndi cikho cake ca mbuliwuli kukapereka kwa anchito oima pa khomo.

Muzu wa mcitidwe umenewu uli m'liu limodzi limene mwana wa ku Japan amalimva kuyambira ali wamng'ono, liu lakuti meiwaku, ndiko kunena msautso umene munthu amapereka kwa anzake. Mwana amaphunzitsidwa kuti asakhale mtolo kwa anthu ena. M'sitima za pamtunda anthu sayankhula pa foni, ndipo kutseka kulira kwa foni amakucha ndi dzina lotanthauza ulemu. M'masukulu ambiri ana amasesa ndi kukolopa okha makalasi ao tsiku ndi tsiku. N'cifukwa cake dziko lonse linaona ocemerera mpira a ku Japan akutola zinyalala m'mabwalo pa mpikisano wa World Cup ku Russia mu 2018 ndi ku Qatar mu 2022. Kathumba ka mlendo wathu kaja kanacokera kumeneko.

Koma tisaganize kuti anthu a ku Japan anabadwa opanda pakamwa. M'masiku a mafilimu osalankhula, mpaka ca m'ma 1930, pambali pa nsalu panali kuima munthu wochedwa benshi, amene anali kufotokoza nkhani ndi kulankhulira anthu onse a m'filimu, mwamuna ndi mkazi yemwe. Ena mwa iwo anachuka ngati osewera a m'filimu enieniwo, ndipo anthu anali kusankha nyumba ya kanema potsata dzina la wofotokoza. Nchito yao inafanana ndi ya anzathu a ku Malawi amene amaika mau a Cicewa pa mafilimu akunja. Ndipo kuyambira ca m'ma 2016 kwafala zionetsero zapadera zimene anthu amaloledwa kufuula, kuimba ndi kugwedeza timiuni ta mitundumitundu. Wogula tikiti amadziwiratu kuti lero ndi tsiku la phokoso. Apa pali nzeru: phokoso analipezera tsiku lake ndi cipinda cake, kuti wofuna bata asalandidwe bata lake.

Tinenenso kuti bata lili lonse si mtendere. Munthu angathe kukhala cete cifukwa colemekeza mnzake, komanso angathe kukhala cete cifukwa coopa maso a anthu. Woopa kwambiri kusautsa ena amaopanso kupempha thandizo. M'caka ca 2021 boma la Japan linacita kusankha nduna yoona za vuto la kusungulumwa. Ife amene timapatsana moni ngakhale ndi munthu wosamdziwa m'basi, cuma cimeneci tisacisinthanitse ndi kanthu.

Ku America: filimu ngati mpira

Ku America zinthu zimayenda mwa mtundu wina. Kumeneko anthu ambiri amaona kuti kukoma kwa kanema n'kumva khamu likupuma pamodzi. Amaseka mokweza, amacenjeza munthu wa m'filimu kuti asatsegule citseko, amaomba m'manja ngwazi ikaonekera. Pamene filimu ya Avengers: Endgame inatuluka mu 2019, m'nyumba zambiri munali mfuu ngati ya pa bwalo la mpira cigoli cikalowa. Filimu ya The Rocky Horror Picture Show ya mu 1975 yakhala ikuonetsedwa pakati pa usiku kwa zaka zambiri, oonera atavala ngati anthu a m'filimumo ndi kumayankha mau ake. Cakudya naco ndi mbali ya mwambo. Poyamba eni nyumba za kanema anali kukana mbuliwuli poopa kudetsa makapeti, koma m'zaka za umphawi waukulu za m'ma 1930 anaona kuti phindu lili pomwepo, ndipo anazilowetsa m'kati. Maina akayamba kukwera, ambiri amanyamuka. Amene amatsala kawirikawiri amakhala akudikira kacidutswa kobisika kumapeto, mcitidwe umene mafilimu a Marvel anaufalitsa kuyambira ndi Iron Man mu 2008.

Cimwemwe cotere cili ndi ubwino wake, ndipo ife a ku Africa timacimvetsa msanga. Koma cikasowa malire cimasanduka nkhanza. Mu Epulo 2025, pamene A Minecraft Movie inatuluka, acinyamata m'malo ambiri anayamba kuponya mbuliwuli ndi zakumwa m'mwamba pa cigawo cina ca filimuyo, uku akujambulana ndi mafoni. Wina anafika ndi nkhuku yamoyo. Malo ena anaitana apolisi, ndipo ena anakana ana obwera opanda wamkulu. Amene anagwada pansi kupukuta zonsezo anali anchito a malipiro ocepa, amene palibe anawaombera m'manja.

Komabe si onse a ku America amene amakondwa nazo. Nyumba za kanema za Alamo Drafthouse, zimene zinayamba ku Austin, Texas mu 1997, zinachuka cifukwa cotulutsa kunja munthu wolankhula kapena woseweretsa foni, osambwezera ndalama. Ngakhale m'masiku oyamba a kanema anali kuonetsa pa nsalu mau opempha amai kuvula zipewa zao zazikulu kuti wa kumbuyo aone. Maiko awiriwa akhala akubwerekana nkhani: filimu ya Akira Kurosawa ya Seven Samurai ya mu 1954 ndiyo inasanduka filimu ya makaubhoi ya The Magnificent Seven mu 1960. Ndipo onse awiri, aliyense m'njira yake, akulimbana ndi funso limodzi: ufulu wanga wosangalala uthera pati, ndipo ufulu wa mnzanga uyambira pati?

Nanga ife tili mbali iti?

Wina anganene kuti tisankhe: kapena titseke pakamwa monga a ku Japan, kapena timasuke monga a ku America. Ife tikuona kuti makolo athu anayankha kale funso limeneli, kanema asanabwere. Kumbukirani nthano za madzulo m'mbali mwa moto. Agogo akayamba kuti "Padangokhala", ana onse amayankha kuti "Tili tonse", ndipo amabwereza yankho limenelo nthano yonse. Nyimbo ikafika, onse amavomereza. Womvera nthano sakhala ngati mwala. Koma yankho lili ndi malo ake. Mwana woyamba nkhani yake pakati pa nthano, kapena woulula mathero cifukwa anaimva kale, amadzudzulidwa pomwepo, mwina n'kuuzidwa kuti akagone. Ndipo palibe amene amanyamuka agogo asanatseke nthano yao.

Mau akuti "Tili tonse" ndiwo muyeso wabwino. Amai aja amene anadzudzula Petro anali nafe tonse, pakuti mau ao anatikokera m'kati mwa nkhani. Abambo a simenti aja sanali nafe. Thupi lao linali m'holo, mtima uli ku sitolo, ndipo anatitengera tonse kumeneko tisakufuna. Tsono kusiyana sikuli pakati pa phokoso ndi bata. Kuli pakati pa munthu wokumbukira kuti pambali pake pali mnzake, ndi munthu woganiza kuti m'mdima ali yekha. Amene anakaimapo pa Knife Edge Bridge m'mwezi wa Epulo, madzi a Mosi-oa-Tunya atadzaza, akudziwa kuti mkokomo ungathe kukhala wokoma. Koma akudziwanso kuti pamenepo liu la mwana wako suungalimve. M'holo mwathu munali liu limodzi limene agogo anafuna kumva.

Kucoka m'holo kulowa m'chalichi

Mpingo sunaone kanema ngati nkhani yopanda pake. Papa Pius XI analemba kalata ya Vigilanti Cura yonena za mafilimu mu 1936. M'caka ca 1995, pokumbukira zaka 100 za kanema, a ku Vatican anatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika. Mu Novembala 2025 Papa Leo XIV, wobadwira ku Chicago, analandira opanga mafilimu ndi osewera ake ku Vatican. Koma cimene catikhudza kwambiri ndi ici: pa tsiku limodzi, pa 4 Disembala 1963, Msonkhano Waukulu wa Vatican II unatulutsa zikalata ziwiri. Coyamba, Inter Mirifica, cimanena za nyuzipepala, wailesi, kanema ndi wailesi ya kanema, ndipo cimakumbutsa kuti oonera ndi omvera naonso ali ndi udindo, makamaka makolo pa ana ao. Caciwiri, Sacrosanctum Concilium, cimanena za mapemphero a Mpingo. M'ndime 30 cimalimbikitsa Akristu kutenga mbali mwa kuyankha, kuimba ndi kugwiritsa nchito thupi lao, ndipo m'ndime yomweyo cimalamula kuti pa nthawi yake pakhale bata laulemu. Kuyankha ndi kukhala cete anaziika pamodzi, monga mmene zilili pa nthano.

Tinene zoona, abale ndi alongo: khalidwe limene tinaliona m'holo lija timalionanso Lamulungu m'mawa. Pa kuimba, pa ng'oma ndi pa nthungululu palibe angatipose, ndipo tikuthokoza Mulungu cifukwa ca mphatso imeneyi. Koma kanthawi kocepa ka bata pambuyo pa ulaliki kapena pambuyo pa kulandira Ukaristia kamatilemera ngati mtolo wa nkhuni. Mafoni amalira pa nthawi ya kupatulira. Ena amajambula kwaya ataima pakati pa njira, kutsekereza okalamba amene sangathe kuimirira. Ndipo ena, akangolandira Ukaristia, sabwereranso pa benci, amalunjika ku khomo kuthamangira basi kapena msika. Liu lakuti Misa linacokera ku mau a Cilatini amene wansembe amatumira nao anthu kumapeto kwenikweni. Wocoka msanga amacoka asanatumidwe ndiponso asanadalitsidwe. Ife amene tinamkuwiza Yudasi m'holo muja tiwerenge Yohane 13:30, tione kuti ndani anacoka pa mgonero mwambo usanathe.

Mlendo wathu anadikira maina a anthu amene sadzakumana nao: osoka zovala, onyamula nyali, oyendetsa magalimoto, ophika cakudya. Nafenso tili ndi maina otere. Alipo amai amene anakolopa chalichi Loweruka, akatekisiti amene anatsegula zitseko m'mamawa, ana otumikira ku guwa, ndi acinyamata aja amene anabwereka makina nanyamula mabenci, ndipo atatha onse anatsala okha kusesa makoko athu. Kukhala mpaka kumapeto ndi njira imodzi yowauza kuti zikomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambire kunyumba

Zonsezi sizifuna ndalama kapena lamulo la boma. Mwana wa ku Japan sanaphunzire bata m'nyumba ya kanema, analiphunzira kunyumba ndi ku sukulu. M'mera mpoyamba. Banja likakhala pamodzi kuonera filimu, makolo akhale pomwepo, asankhe coonera, ndipo mafoni onse, kuyambira ya abambo, aikidwe pa thebulo. Mwana aphunzire kuti kuseka ndi kudabwa n'kololedwa, koma kuulula mathero ndi kulanda mnzako cakudya ca m'kamwa. Filimu ikatha pakhale kukambirana: ndani anacita bwino, ndani analakwa, ife tikanatani? Okonza zionetsero pa parishi anene malamulo nyali zisanazime, asungire okalamba mabenci a kutsogolo, aike dengu la zinyalala pa khomo, ndipo ngati filimu ili m'Cingerezi asankhe munthu mmodzi wofotokoza bwino m'Cinyanja, m'Citonga kapena m'Cilozi, m'malo mwa ofotokoza makumi awiri olankhula nthawi imodzi.

Tamva kuti acinyamata aja akufuna kudzaonetsanso filimuyo. Tawapempha kuti atume uthenga ku Libuyu, agogo aja adzabwerenso, ndipo ulendo uno adzamve okha zimene Ambuye ananena pa mtanda.

Mafunso okambirana pa mphakati:

1. Kodi ndi makhalidwe ati a pa kanema kapena pa mpira amene talowa nao m'chalichi osazindikira?

2. Pa parishi pathu ndani amagwira nchito zosaoneka, ndipo tinawathokoza liti?

3. M'banja mwathu, ndani amasankha zimene ana amaonera, ndipo timakhala nao pamene akuonera?

Mpaka mwezi wa mawa, Ambuye akusungeni nonse.